PHUNZIRO: ANALAKWA NDANI?

Werengani: Yohane 9:1-7

Mwana akabadwa ndi mlomo wong'ambika ku chipatala cha Bwaila, mbiri yake imafika pa mpopi wa madzi ku Kawale kapena ku Chinsapo mayi asanatuluke n'komwe m'chikuta. Ena amati mayiyo anaseka munthu wolumala ali ndi pakati. Ena amati bambo anakhwimira mwana kuti geni yake iyende. Nanga inu mukamva zotere mumati chiyani? Kodi chilema chiri chonse chiri ndi munthu amene anachiputa?

Funso limeneli si la lero. Ophunzira a Yesu ataona munthu wosaona chibadwire anafuna kudziwa ngati wochimwa anali iyeyo kapena makolo ake. Ambuye sanaloze chala aliyense. Anatembenuza maso ao kuti aone ntchito imene inafunika kuchitika, ndipo anamchiritsa munthuyo.

Tiyeni tione tsono chimene chimachitika m'mimba. Nkhope ya mwana sipangika yathunthu nthawi imodzi. Mbali zake zimakula kuchokera uku ndi uku, kenaka zimakumana ndi kulumikizana. Mlomo wam'mwamba umalumikizana pakati pa sabata la 4 ndi la 7, ndipo kumwamba kwa m'kamwa, kumene kumalekanitsa kamwa ndi mphuno, kumatsekeka masabata owerengeka pambuyo pake. Pa nthawi imeneyi amai ambiri amakhala asanadziwe bwino kuti aima. Mbalizi zikapanda kukumana pamatsala mpata: pa mlomo pokha, m'kamwa mokha, kapena ponse pawiri. Pa dziko lonse lapansi izi zimaoneka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 700 ali onse, pakati pa olemera ndi osauka omwe.

Madokotala amati nthawi zina n'za kumtundu. Amatinso fodya, mowa, matenda a shuga ndi mankhwala ena a khunyu zimaonjezera ngozi imeneyi. Koma kawirikawiri chifukwa chenicheni sichipezeka. Mwina mufunsa kuti, "Nanga mayi amene ankasuta, si wolakwa kodi?" Taganizani bwino. Timaphunzira zifukwazi kuti titeteze ana amene akubwera, osati kuti tiweruze mayi amene ali kulira kale. Ndipo mayi wodwala khunyu asaleke yekha mankhwala ake, koma akafunse ku chipatala.

Dziwani ichi: pamene anthu ali kufunafuna wolakwa, mwana ali ndi njala. Khanda limene liri ndi mpata m'kamwa limavutika kuyamwa, pakuti silingathe kukoka bere mwamphamvu, ndipo mkaka umatulukira m'mphuno. Mayi akachita manyazi ndi kulibisa m'nyumba, limaonda, ndipo likhoza kumwalira. Limaphedwa ndi njala ndi manyazi, osati ndi mlomo ai. Anamwino amaphunzitsa mayi kulikhazika khandalo chiriri pomwetsa, ndi kufinyira mkaka wa m'mawere m'kapu kapena m'sipuni yoyera, pang'onopang'ono koma pafupipafupi.

Mwana akamakula bwino pa sikelo, madokotala amasoka mlomo ali ndi miyezi 3 kufikira 6. M'kamwa amasoka ali ndi miyezi 9 kufikira 18, kuti adzaphunzire kulankhula momveka. Pambuyo pake amayang'anirabe makutu ake, chifukwa ana otere amadwala m'makutu kawirikawiri, ndiponso mano ndi kalankhulidwe. M'chaka cha 2012 bungwe la Operation Smile linayamba ntchito yake kuno ku Malawi pa chipatala cha Kamuzu Central, ndipo ana ambiri asokedwa milomo kwaulere. Ngakhale wamkulu amene anakula ndi mlomo wotere akhoza kuthandizidwa.

Tsono funso loyenera Mkhristu si lakuti, "Analakwa ndani?" koma lakuti, "Ndichitepo chiyani?" Ngati pa mzere wa nyumba zanu ku Biwi kapena ku Mgona pabadwa mwana wotere, pitani mukamuone monga muchitira ndi khanda liri lonse. Munyamuleni. Auzeni makolo ake kuti thandizo liripo, ndipo ayambire ku chipatala cha pafupi kuti akawatumize ku chipatala chachikulu. Inu abambo, musathawe banja. Perekezani akazi anu ku sikelo. Inu ana, mnzanu akamalankhulira m'mphuno musamseke kapena kumpatsa dzina lachipongwe. Nzeru zake n'zofanana ndi zanu. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso
1. Kodi mlomo wa mwana umalumikizana liti m'mimba?
2. Chifukwa ninji kubisa khanda lotere n'koopsa?
3. Mungathandize bwanji banja lotere sabata lino?

Pemphero: Atate, tiletseni kuweruza anzathu, ndipo mutipatse mtima wofulumira kuthandiza. Amen.