Mphatsoyi Adapereka Ndani?

Munthu wogwira ntchito m'boma akangolandira kalata yoti akupita kunja kwa dziko, mbiri imafika kumudzi iye asanasayinire n'komwe alawansi. Mkazi amadziwa, ana amadziwa, ndipo mlamu amene simudalankhulane naye chaka chathunthu amatumiza uthenga wokufunirani ulendo wabwino. Ku ofesi nakonso, kuyambira mesenjala mpaka bwana, aliyense amatsanzika ndi mawu amodzimodzi akuti, “Musatiiwale.” Tonsefe timadziwa kuti mawu amenewa sanena za mapemphero ayi.

Mu 2023 ndidatumidwa ku Dar es Salaam kumsonkhano wa masiku asanu wokambirana za katundu wodzera padoko. M'kabuku kanga, kumbuyo kwa mfundo za msonkhanowo, ndidalembamo mayina 17 a anthu ofunika kuwagulira kanthu. Ndalama zake zinali zomwe ndidapulumutsa podya chipisi cha m'mbali mwa msewu m'malo mwa chakudya cha kuhotela, ndipo nthawi yogulira inali masana a tsiku lomaliza basi.

Mzinda wa padoko uli ndi khalidwe lake. Ukaima m'mphepete mwa nyanja ya mchere ija umaona sitima zikuluzikulu zitandanda patali, kudikira mpata woti zitsitse makontena, mafuta ndi magalimoto, ena mwa iwo omwe amadzera pa Songwe n'kudzafika kwathu kuno. Chiyambire pomwe Sultan Majid wa ku Zanzibar adayamba kumanga mzindawu m'zaka za m'ma 1860, ntchito yake yakhala yolandira ndi kutumiza katundu. Ngakhale dzina la Kariakoo, dera lotchuka la malonda lija, lidachokera ku Carrier Corps, gulu la anthu onyamula katundu wa asilikali a Britain pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Azigogo athu ambirimbiri adasenza nawo mitolo pa nkhondo imeneyo, ndipo ankatchedwa amtengatenga. Ine mdzukulu wawo ndidalowa m'Kariakoo ndi chikwama chopanda kanthu, wokonzeka kusenza mtolo wa abale.

Za ku Kariakoo sindikhalitsapo chifukwa sizindivutitsa mumtima. Kumeneko kunenerera mtengo ndi gule amene onse awiri amadziwa mavinidwe ake. Wogulitsa zitenje amatchula mtengo akumwetulira, iwe umagwira pamutu, iye amalumbira kuti waonongetsa, kenako mumakumana pakati n'kusiyana mukuseka. Ndidagula zitenje ndi kanga za akazi anga, amayi ndi achemwali, komanso nsapato za ana. Nditafika kuchipinda ndidaona kuti zina mwa nsaluzo zidachokera ku China ndi ku India, ndipo mwina zimapezekanso ku Limbe, koma ameneyo ndi mlandu wina.

Nkhani yanga ili ku Mwenge, msika wa osema ziboliboli, komwe ndidafika dzuwa litapendeka. Ndinkafuna ndodo yoyendera ya amalume anga, amene adandilipirira sukulu bambo atamwalira. Kuseri kwa timasitolo ta kumsewu kuli amisiri eniake, atakhala pansi pakati pa zipalapala, akusema ndi kasemasema ndi tchizulo. Usemi umenewu udatchuka ndi Amakonde, anthu a kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo mtengo womwe amaukonda ndi phingo, womwe kumeneko amati mpingo. Amene adaugwirapo phingo akudziwa kuti ndi wolemera ngati mwala, umabunthitsa zida, ndipo umatenga zaka makumi angapo kuti ukhwime. Ndi womwewu umene azungu amapangira zitoliro zodula za m'magulu awo oimba.

Bambo wina wachikulire, wa imvi za apo ndi apo, adandionetsa ndodo yakuda bii, yosalala, kumutu kwake atasemako nkhalamba yogwira chibwano. Adati ndi mashilingi 45,000. Ine ndidaseka n'kutchula 15,000. Adatsika kufika pa 35,000, kenako 30,000, akundionetsa m'manja mwake mmene mudachitira zikang'a. Pamenepo ndidagwiritsa ntchito nzeru yomwe anzanga a kumsonkhano adandiphunzitsa, yoti ukafuna kugula motchipa upite madzulo, ndipo ukalephera utembenuke ngati ukupita. Ndidatembenuka. Ndisanayende mapazi khumi ndidamva akundiitana. Adalandira 18,000 osawerenga kawiri, ndipo m'Chingerezi chake chodukaduka adati kuyambira m'mawa anali asanagulitse kanthu. Sadaseke ngati wa zitenje uja. Ine ndidakwera bajaji ndikudzitama kuti Mmalawi sapusitsidwa.

Mawa lake pabwalo la ndege ndidakumbukira kuti bwana wanga ndinali ndisanawagulire kanthu. Ndidalowa m'sitolo yozizira bwino, ndidatola paketi ya khofi ndi kabotolo ka mafuta onunkhira, ndipo ndidalipira ndalama zoposa kuwirikiza katatu mtengo wa ndodo ija. Sindidagwire pamutu, sindidatembenuke, ndidathokoza ndi kuthokoza komwe. Ndili m'ndege ndi pomwe funso lidayamba kundikanda. Nanga ukatswiri wanga wonenerera uja udathawira kuti? Bwanji mphamvu zanga zimaonekera pa munthu wokhala pansi m'fumbi, koma pamaso pa mwini sitolo amene sadziwa njala ndimasanduka nkhosa?

Makolo adati kupatsa n'kuika. Mwambi umenewu timaunena ngati wolimbikitsa chifundo, koma mukauyang'anitsitsa ukunena poyera kuti wopatsa amayembekeza kudzatapa pomwe adaika. Sindikuona cholakwa pamenepo, pakuti mudzi umamangidwa ndi ngongole zotere zomwe sizilembedwa m'kaundula. Chitenje chomwe ndapatsa achemwali chidzabwerera kwa ine ngati thumba la mtedza, kapena ngati munthu wodzachezera pamaliro. Vuto ndi lakuti chomwe munthu ukuika chiyenera kukhala chako. Ndodo ija ikadagulidwa pa 30,000, yonse ikadakhala thukuta langa. Pogula pa 18,000, gawo lotsalalo adalipira ndi bambo wa ku Mwenge, ndi masiku ake ndi zikang'a zake. Tidasonkherana mphatso anthu awiri, koma woyamikiridwa kumudzi adzakhala mmodzi. Iye adaika nawo, koma alibe poti adzatape.

Ndikudziwa zomwe ena mwa inu owerenga mukunena, pakuti nanenso ndakhala ndikudziuza zomwezo. Mukuti palibe adamukakamiza, ndipo wamalonda sagulitsa moluza. Mukuti mtengo woyamba pamsika wotere ndi nyambo chabe yokolera alendo, ndipo mlendo amene amalipira osanenerera amaonongera eni dera, chifukwa mawa zinthu zimakwera. Mukutinso ine sindine mzungu wa madola, ndine kalaliki wa malipiro osafika pa 20 wa mwezi, wokhala ndi mayina 17 m'kabuku. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikunena kuti kunenerera ndi tchimo. Munthu wokana kunenerera pamsika wa mu Africa ali ngati mlendo wokana kusamba m'manja, amaoneka wodzikuza.

Koma pali kusiyana pakati pa kufunafuna mtengo woyenera ndi kufunafuna pomwe mnzako athyokere. Ku Kariakoo ine ndi wogulitsa tinali ofanana mphamvu, chifukwa ndikadachoka, kumbuyo kwanga kunali ogula ena makumimakumi. Ku Mwenge ndidapita madzulo dala, podziwa kuti munthu amene sadagulitse kanthu tsiku lonse akuganiza za ndalama yokwerera daladala ndi ya ufa wa ana. Sindidanenerere ndi ndodo, ndidanenerera ndi njala yake. Mawu oti “palibe adamukakamiza” timawamvanso kwa mavenda ogula chimanga chosauma m'mwezi wa Epulo kwa mlimi amene mwana wake wadwala, ndipo tikawamva kumeneko timakwiya. Timakwiyanso tikaona mlendo wa kamera pakhosi akukanganirana timakwacha tochepa ndi anyamata osema ziboliboli pamsewu wa ku Senga Bay. Chaona mnzako chapita, koma ine ndidangowoloka malire n'kusanduka mlendo yemweyo.

Chinanso chomwe chimandisowetsa mtendere ndi mndandanda uja. Chidandiumitsa mtima ku Mwenge si umphawi wokha, koma mantha obwerera kwathu wina atatsala. Pa mayina 17 aja, amene ndinkawaganiziradi ndikuyenda m'misewu ya Dar es Salaam sadapitirire asanu. Enawo ndinkawagulira kuti atseke pakamwa, kuopa kuti angati adapita kunja koma adabwera chimanjamanja, ndi woumira. Mphatso yotere ndi msonkho, ndipo monga msonkho wina uliwonse, wolipira amafunafuna wina woti amusenzetse. Bwana adalandira zodula chifukwa ndimawaopa, mesenjala adalandira kachibangili chifukwa sangandichite kanthu, ndipo wosema adalandira zotsala chifukwa sindidzakumana nayenso. Mukaika zonsezi pamzere muona kuti sikelo yomwe ndidayezera sinali ya chikondi. Inali yoyeza kuti ndani angandipweteke.

Kodi ndiye kuti ndikadangolipira 45,000 n'kusiya ana opanda nsapato? Ayi. Ndikadatha kuima pa 30,000, pomwe nkhope yake inali isanagwe, n'kuchotsa mayina awiri kapena atatu m'kabuku muja. Zikadandipweteka ineyo, chifukwa ochotsedwawo akadanding'ung'udza, ndipo mwina ululu umenewo ndiwo mtengo weniweni wa mphatso. Ndidasankha kuti ululuwo augwire munthu amene dandaulo lake silingawoloke Songwe.

Patatha milungu iwiri ndidapita kumudzi kukapereka ndodo ija. Amalume anga, maso asanayambe kuchita khungu, ankasema mitondo, misi ndi mipini ya makasu, ndipo fizi yanga ya kusekondale idachokera m'zipalapala zimenezo. Adailandira ndi manja awiri, adaiyeza kulemera, kenako adayamba kuisisita pang'onopang'ono kuchokera kunsi mpaka kumutu. Chala chawo chidaima pa makwinya a pachipumi cha kankhalamba kaja.

“Phingo uyu,” adatero. “Mphwanga, amene wasema apa si mwana ayi. Pamakwinya pokhapa padamuthera tsiku lathunthu, ndipo tchizulo adanola kangapo. Udamupatsa zingati?”

“Tidagwirizana bwinobwino, amalume,” ndidayankha ndikuyang'ana nkhuku zomwe zinkapalasa pabwalo.

Adagwedeza mutu, adadzuka ndi ndodoyo n'kuyenda nayo mpaka pankhokwe, kenako adabwerera akumwetulira. Adaitana azakhali kuti adzaone zomwe mwana wa mlongo wawo wawatengera kuchokera kunyanja ya mchere, ndipo adalamula mdzukulu kuti agwire tambala. Atakhalanso pansi adaigoneka ndodoyo pamiyendo.

“Dzina lake ndani mmisiri ameneyu?”

Ndidawauza kuti sindidafunse.