Masamba Pamsewu

Lachiwiri lina m'mawa ndinapeza nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu wathu ku Area 25, mu Lilongwe. Ndinali pa kabaza wa njinga yamoto, nditachedwa kale kuntchito. Mnyamata woyendetsayo atangoona masambawo anachepetsa liwiro mpaka njinga kumangokwawa.

"Tifulumireko, achimwene," ndinatero.

"Pali zovuta apa, bwana," anayankha motsitsa mawu, ndipo sanawonjezere moto mpaka titadutsa nthambi za mbali inayo.

Siwa inali panyumba yoyandikana ndi yanga. Pakati pathu panali mpanda wa njerwa basi. Ndinali nditakhala pamenepo zaka ziwiri, koma bambo wa m'nyumbamo sindinkawadziwa dzina ngakhale nkhope. Chimene ndinkadziwa ndi wailesi yawo, imene ankaitsegula 5 koloko m'mawa tsiku lililonse, ine n'kumanyinyirika m'bulangete. Tsiku lonselo muofesi funso limodzi linandikanirira: kodi munthu amene sindinapatsanepo naye moni, ndili naye ngongole yanji pamene wamwalira?

Kumudzi funso limeneli silifunsidwa. Akulu anati maliro n'kulirana, ndipo mawuwa ali ndi mano. Munthu wojomba pamaliro a anzake, tsiku limene zovuta zagwa pakhomo pake adzukulu amatha kukhala pansi makasu ali m'manja, mpaka atapepesa kwa amfumu ndi nkhuku kapena mbuzi. Tisanamizane kuti onse amene amagona pasiwa amapitira chikondi. Ena amapita chifukwa akudziwa kuti manda sadzikumbira wekha. Ndi chisungiro cha anthu osauka, cholipira ndi tulo, nkhuni ndi ufa.

Ngati nkhani yonse ili imeneyi, ndiye kuti ine ndine mfulu. Kuntchito amandidula ndalama ya inshulansi ya maliro mwezi ndi mwezi. Bokosi likupezeka ku Mchesi, kumene opala matabwa amawayalika m'mbali mwa msewu pamodzi ndi mipando ndi mabedi. Galimoto ndi yahayala, ndipo mtembo wanga udzapita kwathu, kumene ali ondilira. Zimene kumudzi amachita anansi, m'tauni imachita ndalama. Komanso kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzindawu muli anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Ndikati ndizikhala pansi paliponse pamene ndaona masamba, ntchito idzatha mwezi usanathe, ndipo palibe bwana amene angamve zoti ndinali kumaliro a munthu amene dzina lake sindikulidziwa. Ufulu wa m'tauni sindiunyoza. Ambiri tinabwera kuno titatopa ndi maso a anthu, ndipo mpanda uja tinaufuna tokha.

Maganizo amenewa anandikwanira mpaka masana. Chimene chinawasokoneza ndi mnyamata wa kabaza uja. Iye sakhala m'dera lathu. Palibe mfumu imene ikanamulipiritsa, ndipo ofedwawo sadzabwera pamaliro ake. Pochepetsa liwiro anataya mphindi, mwinanso kasitomala wokwiya ngati ine. Sanali kusungitsa kanthu kuti adzatape mawa. Anangovomereza kuti pamalo paja pachoka munthu, ndipo dziko siliyenera kudutsa pa liwiro lake la masiku onse ngati palibe chachitika. Ine ndinali nditawerengera zonse zimene ndalama ingagule pamaliro, koma ichi ndinachiiwala, chifukwa sichigulitsidwa ku Mchesi.

Ndiye ndinayamba kuona kuti mwambo wathu uli ndi zinthu ziwiri zimene kumudzi zimayendera limodzi moti sitizisiyanitsa. China ndi kubwezerana, china ndi kuchitira umboni kuti wapitayo anali munthu. Mzinda wachotsa choyambacho, kwa ife amene tili ndi kangachepe m'thumba. Chachiwiricho chatsala pambalambanda, popanda chindapusa chochiteteza, ndipo aliyense ayenera kusankha yekha. Mwina n'chifukwa chake chimalemera kwambiri kuno kusiyana ndi kumudzi. Kumudzi sudziwa ngati wapita chifukwa cha mtima kapena mantha. Ku Area 25 ukapita, palibe amene wakukakamiza.

Sindikunena kuti ndiyenera kulira aliyense. Miliyoni ija ikadalipo. Koma bambo aja sanali mmodzi mwa miliyoni. Kwa zaka ziwiri ndinkadzuka ndi wailesi yawo, utsi wa mbaula yawo unkalowa pawindo langa, ndipo mvula ikagwa madzi a padenga pawo ankathera pabwalo panga. Tinali anansi m'zonse kupatula moni, ndipo moniyo amene anaumana ndine, wobwera pambuyo.

Madzulo ndinavala jekete n'kuzungulira mpanda uja, ulendo wa masitepe makumi awiri umene ndinali ndisanayendepo. Azibambo anali atakhala panja mozungulira moto, azimayi akuimba m'nyumba. Mkulu wina anandisunthira pabenchi osandifunsa kuti ndine yani. Ndinapereka chipepeso kwa amene ankalemba m'kope, ndipo atafunsa kuti alembe kuti chachokera kuti, ndinati, "Nyumba ya kuseriku." Anandiyang'ana pang'ono, kenaka n'kulemba.

Dzina la malemu ndinalimva koyamba usiku womwewo, pamene amfumu a m'deralo ankalengeza dongosolo la mawa lake. Anali mlonda wopuma ntchito, ndipo mwana wawo anandiuza kuti kudzuka m'mamawa kunawakhalira kuyambira masiku a ntchitoyo. Ndinakhala mpaka moto utazilala, n'kubwerera kukagona. Itakwana 5 koloko ndinadzidzimuka ndekha, kuseri kwa mpanda kuli zii.