Mantha Ogula ndi Ndalama

Tsiku lina madzulo ndikuchokera kuchigayo, mvula idandiumiriza kuusa pakhonde la kanyumba koonetseramo kanema pamsika wina wa kwathu kuno kwa Mlonyeni. Pakhondepo ndidapeza anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi ali pamkangano. Mnyamata woyamba, yemwe amapalasa kabaza panjira yopita kuchipata cha Mwami, amanena kuti palibe kanema woposa woopsa, uja wa mizukwa, afiti ndi anthu osanduka njoka. Mnzakeyo amati iye amakonda wankhonya, monga wa Bruce Lee ndi Jackie Chan, popeza mmenemo wolakwa amalandira chibakera chake dzuwa lisanalowe. Mtsikanayo adawaseka onse awiri, nati mtima wa munthu umaoneka bwino m'kanema wachikondi.

Posakhalitsa mkanganowo udatembenukira kwina. Wakabaza uja adayamba kudandaula za kanema wa ku Nigeria wotchedwa Nneka the Pretty Serpent, amene adatuluka mu 1994 ndipo adakonzedwanso mwatsopano mu 2020. Iye adati wakaleyo ndiye ankaopsa zenizeni, pamene watsopanoyu ngwowala chabe. Kenaka adanditembenukira nandifunsa kuti, “Nanga inu aphunzitsi mukutipo bwanji?” Ine ndidangomwetulira poti mvula idali itakata, koma funsolo lidanditsata mpaka kunyumba.

Chimene chidandizunguza mutu ndi ichi. Palibe munthu wanzeru zake amene angalipire ndalama kuti akumane ndi fisi panjira usiku. Mantha ndi chinthu chimene tonse timachithawa. Nanga bwanji munthu amatuluka thukuta tsiku lonse akupalasa njinga, kenaka n’kutenga ndalama yomweyo kukagula mantha? Ndipo ngati amasangalala poona mnzake, ngakhale wongopeka, akuthamangitsidwa ndi mzukwa, kodi chisangalalo chotere n’choyenera?

Tisanawadzudzule achinyamatawa, tiyambe takumbukira ubwana wathu. Ife amene tidakula kanema asanafike m’midzi tinkagulanso mantha, kungoti malipiro ake adali kutola nkhuni ndi kutonola chimanga. Tikatha kudya, agogo ankayamba ndi mawu akuti “Padangokhala,” ife n’kuvomera kuti “Tili tonse.” Zimene zinkatsatira pamenepo sizidali za kalulu zokhazokha ayi. Padali nthano ya chilombo chimene chidameza mudzi wonse, ndi ina ya mtsikana wokana amuna amene adakwatiwa ndi mlendo wokongola, osadziwa kuti mlendoyo adali fisi. Tinkaunjikana pamodzi ngati anapiye, wina n’kumaopa ngakhale kupita kuseri kwa nyumba, komabe mawa lake ndife tomwe tinkapempha nthano yomweyo. Chimodzimodzinso ndi Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Achewa a m’Malawi, Zambia ndi Mozambique. Chilombo chikatulukira ana amabalalika ndi mfuu, koma taonani, omwewo ali kuseri kwa nkhokwe akusuzumira.

Mgiriki wina wanzeru zakuya, Aristotle, adaziona zimenezi zaka zoposa 2,300 zapitazo. Iye adalemba kuti sewero la tsoka limadzutsa chisoni ndi mantha mwa oonerera, ndipo potero limawatsuka mtima. Ine ndingazinene m’njira ya kumudzi. Mantha a m’nthano adali ngati ng’ombe yolusa imene ili m’khola. Mwana ankaiyandikira, kuiyang’anitsitsa nyanga zake, ndi kuphunzira kuti mtima ungathe kugunda kwambiri munthu osafa. Khola lake lidali lolimba. Nthanoyo idali ndi poyambira podziwika ndi pothera podziwika. Woikamba adali munthu wotikonda, amene ankaona nkhope zathu pakuwala kwa moto, ndipo wamng’ono akayamba kunjenjemera kopitirira, agogo ankafupikitsa nkhaniyo kapena kuponyamo nthabwala. Pomaliza ankatituma kuti tikaphule mbatata, ife n’kuyankha kuti yapserera, tonse n’kuseka, chilombo chija n’kubwerera kwao. Tsono wokonda kanema woopsa sindimuona cholakwa. Njala yake ndi yomwe ija tidali nayo ife.

Za kukonzanso kanema wakale, pamenepo ndiye mlandu ndi wochepa kwambiri, pakuti kubwereza nkhani ndiwo mwambo wathu. Nthano ya fisi wokwatira ija ndidaimva kwa agogo anga, ndidadzaimvanso kwa Angoni anzathu a tsidya la Chipata itavala malaya ena, ndipo palibe adaitanidwa kubwalo kuti waba. Azungu ndiwo adaika nkhani m’manja mwa mwini mmodzi. Bram Stoker adalemba buku la Dracula mu 1897, lonena za munthu wakufa amene amadzuka usiku kukayamwa magazi a amoyo. Mu 1922 Mjeremani wina, F. W. Murnau, adatenga nkhaniyo popanda chilolezo, nasintha maina, napanga kanema wotchedwa Nosferatu. Mkazi wamasiye wa Stoker adakasuma, ndipo mu 1925 bwalo lidalamula kuti kanemayo awonongedwe. Mwamwayi makope ena adapulumuka. Kanema yemweyo adakonzedwanso ndi Werner Herzog mu 1979, kenaka ndi Robert Eggers mu 2024, ndipo nthawi zonsezi padapezeka anthu odandaula kuti wakale ndiye adali weniweni. Ndikhulupirira kuti ambiri mwa odandaula chotere salira kanema ayi, amalira msinkhu umene adali nawo pomuona koyamba. Wakabaza uja adaona Nneka ali mwana wokhala pansi kutsogolo, miyendo itapindidwa. Lero ndevu zidamera, ndipo akuimba mlandu kanema chifukwa cha ndevu zake.

Funso loyenera kumufunsa wobwereza nkhani ndi lakuti wasinthamo chiyani, ndipo wasinthiranji. Mu Nneka wakale, mtsikanayo ndi woperekedwa kwa mzimu wa m’madzi asanabadwe, kotero kuti kuononga amuna ndi mabanja ndi chibadwa chake. Mu watsopano, iye ndi mwana amene makolo ake adaphedwa, ndipo mphamvu zoopsazo akuzigwiritsa ntchito pobwezera. Kusintha kumeneku si kwakung’ono. Woyambayo akutiphunzitsa kuti pali anthu ena obadwa oipa, oyenera kungowaopa. Wachiwiriyo akutikakamiza kufunsa chimene chidamuchitikira munthu kuti afike pamenepo. Mwina watsopanoyo saopsadi kwenikweni, koma pa mfundo iyi yokha ine ndaima naye.

Komabe nkhawa yanga ili pena, ndipo ndi yaikulu. Khola lija limathyoka. Nkhani ya woyamwa magazi ku Ulaya ndi choseweretsa, anthu amaonera akudya chimanga chokazinga. Kuno kwathu nkhani yofanana nayo idakhetsa mwazi weniweni. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje, n’kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu osachepera asanu ndi anayi adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, mmodzi mwa iwo munthu wodwala khunyu. Sindikunena kuti kanema ndiye adabala mphekeserazo. Zidamvekanso mu 2002, ndipo mizu yake ndi yakale kuposa kanema aliyense amene adafika kumudzi. Kandimverere adakanena za m’maluwa kalekale magetsi asanabwere. Chimene ndikunena n’chakuti nkhani yoopsa siifanana kulemera kwake paliponse. Kumene anthu saikhulupirira imathera pakhomo la nyumba ya kanema. Kumene ikukumana ndi chikhulupiriro chamoyo imatuluka nawo anthuwo, n’kuyamba kufunafuna nkhope yoti ivale.

Talingalirani kanema wotchuka uja, Living in Bondage, amene adatuluka mu 1992 ndipo ambiri amati ndiye adatsekula njira ya makanema a ku Nigeria. Mwamuna wina, Andy, atatopa ndi umphawi adapereka mkazi wake Merit ngati nsembe kuti alemere. Mzimu wa mkaziyo udamusautsa mpaka adachita misala. Phunziro lake ndi loonekeratu, ndipo mbali ina ndi labwino, chifukwa chilombo cha m’kanemayu ndi dyera la mumtima mwa munthu. Koma pali phunziro lachiwiri limene limalowa mwakachetechete ngati njoka m’khola la nkhuku. Andy adalemeradi. Kanemayo akuti kukhwima n’koipa, koma akutinso kumagwira ntchito. Woonera wina amatenga phunziro loyambalo. Wina, amene ngongole zamufika m’khosi, amatenga lachiwiri, n’kudziuza kuti iye adzachenjera kuposa Andy. Ife a ku Mchinji sitingazitenge mopepuka zimenezi. Mu Ogasiti 2019 Bwalo Lalikulu litakhala m’boma lathu lino lidapereka chilango cha imfa kwa anthu atatu chifukwa chopha munthu wachialubino mu 2015. Bodza lakuti ziwalo za munthu zimabweretsa chuma silidachokere m’kanema, koma kanema aliyense woonetsa wokhwima akuyenda m’galimoto yonyezimira amalithirira madzi.

Nanga mfiti ya m’makanema ambiri otere imaoneka bwanji? Kawirikawiri ndi nkhalamba yaikazi, yosauka, yokhala yokha, ya maso ofiira. Fisi wa m’nthano ya agogo sankafanana ndi munthu aliyense wa m’mudzi mwathu. Nkhalamba ya m’kanemayi ikufanana ndi mayi amene nyumba yake ili kuseri kwa yanu, amene maso ake adafiira ndi utsi wa zaka makumi asanu ndi limodzi za kuphika. Mu Januwale 2016, ku Neno, okalamba anayi adaphedwa powaganizira kuti ndiwo adatuma mphezi imene idapha mtsikana wina. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma lamulo lili m’buku, pamene chithunzi chili m’mutu.

Pali kusiyana kwinanso. Palibe mwana adakhulupirirapo kuti kalulu amayankhuladi. Nthano inkadziulula yokha kuti ndi nthano. Kanema amabwera ndi nyumba zonga zathu, mipingo yonga yathu, anthu akhungu longa lathu, ndipo masiku ano anyamata aluso amawamasulira m’Chichewa, n’kuikamo maina a malo athu ndi nthabwala zathu. Ndili mphunzitsi ndidayesapo kufotokozera kalasi kuti munthu sangasanduke njoka. Mwana wina adaimika mkono nati, “Koma aphunzitsi, ife tidaziona ndi maso.” Sadali kuchita chipongwe. Palibe adamuuzapo kuti chithunzi chimadulidwa ndi kulumikizidwa monga telala amalumikizira nsalu.

Ena anganene kuti mankhwala ake ndi kuletsa. Njira imeneyo tidaiyenda kale. Lamulo lounika zosangalatsa lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo m’nthawi ya chipani chimodzi lumo la ounikawo lidadula mabuku, nyimbo ndi makanema ambiri. Dziko lino lidakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999. Kodi ufiti udaleka kuopedwa m’zaka zimenezo? Ayi ndithu. Ndipo lero, pamene kanema akulowa m’thumba la malaya pa foni ya m’manja, amene angalondere malire a Mchinji kuti nkhani zisadutse ndani? Komanso tikayamba kuletsa, sitidzalekera pa woopsa yekha. Wankhonya uja amaphunzitsa kuti mlandu umaweruzidwa ndi chibakera, ndipo gulu limene limatola miyala likamva mfuu yakuti “wakuba” lidaphunzira bwino phunziro lomwelo. Wachikondi nayenso ali ndi mabodza ake, amene adagwetsa atsikana ambiri. Mtundu wa kanema suyeretsa munthu kapena kumudetsa, ndipo pa ichi atatu aja apakhonde palibe adapambana mnzake.

Chimene chidatayika pakati pa moto wa agogo ndi kanyumba ka kanema ndi agogowo. Mantha alipo, chisangalalo chilipo, kubwereza nkhani kulipo, koma palibe munthu woyang’ana nkhope za ana, woti afupikitse pamene pafunika, kapena kufunsa pamapeto kuti, “Mukuganiza kuti adajambula bwanji pamene paja?” Mwini kanyumbako si woipa mtima. Iye akufuna ndalama ya sopo, ndipo akamaliza gulu lina amalowetsa lina.

Patapita sabata ziwiri ndidakumananso ndi wakabaza uja, ndipo ndidamupempha kuti andiperekeze ndikaone ndekha. Adaseka kwambiri, koma adandipezera malo pabenchi lakumbuyo. Kanema wa tsikulo adali wa mayi wokalamba amene ankauluka usiku kukadya adzukulu ake. Sindibisa, pena mtima wanga udadumpha, ndipo ndidamva kukoma kuja kwa ubwana. Kutsogolo, pansi, kudakhala ana okwana khumi, ena osapitirira zaka zisanu ndi zitatu. Pamene nkhalambayo inkatenthedwa pamapeto, anawo adaomba m’manja. Mwini nyumba adazimitsa kanema natsekula chitseko, ndipo palibe adanena kanthu. Kunja kudali kutada. Ndidaima pakhonde paja ndikuwayang’ana akulowa m’kanjira kodutsa pakhomo pa mayi wina wamasiye, amene ndidaphunzitsa ana ake onse anayi. Atayandikira pakhomopo adaleka kuyankhula, nayamba kuthamanga.