Mwana Akayankha M'chiyankhulo cha Kwawo

Ena mwa ife m'gulu lino ndi ophunzira a ku yunivesite, ndipo pa tchuthi timasonkhanitsa ana pakhonde n'kumawathandiza Chingerezi. Umenewu ndi utumiki weniweni. Mayeso a Sitandade 8 amafunsidwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa, choncho mwana wodziwa masamu akhoza kulephera chifukwa chongosamva funso.

Komabe tidzifunse. Ambirife tinakula tikuyankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena kunyumba, Chichewa kumsika, Chingerezi m'kalasi. Enafe sitinaiwale tsache lija, mmene ankatisesetsera bwalo la sukulu atatigwira tikuyankhula chakwathu. Nanga lero mwana akatiyankha m'Chiyao, timachitiranji tsinya?

Mu Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh analangiza atsogoleri a mayiko kuti asankhe chiyankhulo chimodzi choti anthu onse azimvana nacho. Sanatchule kuti ndi chiti, ndipo kusankhako si kwa ife. Ife Abahá'í timachitenga ngati chothandizira, choyendera limodzi ndi chimene mwana anayamwira. Iye mwini anaulula Mawu a Mulungu m'Chiarabu ndi m'Chiperisiya.

Tsono mwana akasowa liwu, tiyambe tamulola anene m'chakwawo, kenako timupatse la Chingerezi, abwereze. Tikamuseka, mawa angokhala duu, ndipo mkuja sabwera.

Sabata ino aliyense apemphe mwana mmodzi kuti amuphunzitse mawu atatu a kwawo. Tidzawatchula pano tikamaliza mapemphero, ngakhale lilime litatipinda.