Kodi Tinene Chiyani kwa Mayi Amene Wachira Masiku Asanakwane?

Amayi anzathu, pali mawu amene amatituluka msanga tikapita kukazonda mnzathu amene wachira pa miyezi isanu ndi iwiri: "Musadandaule, zonse zikhala bwino." Timanena ndi mtima wabwino. Koma kodi n'koyenera kulonjeza zimene sitikuzidziwa? Mayi amene wagona kuchidikiro milungu ingapo chifukwa cha BP, miyendo itatupa, amadziwa kuti si ana onse otere amene amabwerera kumudzi. Tikamuuza mawu opanda maziko amangovomera mwaulemu, mantha ake n'kutsala nawo yekha.

Choipitsitsa ndi manong'onong'o amene timawamvabe kuno kwa Msakambewa ndi ku Ntchisi: akuti mwina bambo anayendayenda, mwina mayi sanasunge mwambo, mwina alipo wamuchita chipongwe. Achipatala amatchula zina: malungo, kuthamanga kwa magazi, mimba ya mapasa, matenda a m'njira ya mkodzo, kutenga pakati msinkhu usanakwane. Nthawi zambiri ngakhale iwo sapeza chifukwa. Lipoti limene linatuluka m'chaka cha 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse: ana 18 mwa ana 100 alionse ankabadwa isanakwane milungu 37. Kodi amayi onsewo analakwa? Ena mwa iwo ndi ife amene tikuwerengafe.

Chitonthozo choona chilipo, ndipo sichifuna bodza. M'chaka cha 1978, mumzinda wa Bogotá ku Colombia, Dokotala Edgar Rey atasowa makina okwanira ofunditsira makanda, anayamba kuwaika pachifuwa cha amayi awo, khungu ndi khungu. Ndiyo njira ya kangaru, imene inafika ku chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinali nawo, anaonetsa kuti pakati pa ana olemera kuyambira kilogalamu imodzi mpaka 1.8, kuyamba kangaru atangobadwa m'malo modikira kuti alimbe kunachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti makanda otere aziikidwa pachifuwa mosazengereza. Izi tingamuuze mnzathu tikumuyang'ana m'maso: kutentha kwa thupi lake ndi mkaka wake, ngakhale wofinyira m'kapu, ndi mankhwala enieni.

Komabe apa mpamene funso likutembenukira kwa ife. Kangaru si wa ola limodzi. Ndi wa usana ndi usiku, kwa milungu. Mayi amene wamanga khanda pachifuwa sangatunge madzi, sangatole nkhuni, sangapite kudimba. Nanga akatuluka m'chipatala mu June, kuzizira kwa m'mapiri athu ano kuli pachimake, adzamuphikira ndani? Ngati tinanena kuti zikhala bwino ndiye n'kubwerera kwathu manja lende, tinamunamiza.

Bambo, agogo, apongozi, onse angathe kumufungatira mwanayo pachifuwa kuti mayi apumule. Ndipo abambo ena amangofuna munthu wowauza kuti palibe chamanyazi. Gulu lathu lingagawane masiku: wina ufa ndi ndiwo, wina kuchapa, wina kaluso koluka kachipewa ndi timasokosi, wina kumuperekeza tsiku lokapimitsa kusikelo. Ndipo mwana akaleka kuyamwa, akazizira thupi, kapena akamapuma movutikira, tisadikire kuti kuche. Tipemphere tili panjira ya kuchipatala.