Wogwira Kope la Chipepeso

Pamaliro ntchito zambiri zimaonekera poyera. Adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu, amayi a Chigwirizano kapena a Mvano amachezera kuimba pasiwa, atsikana amapita kumjigo mobwerezabwereza, nsima ikuvundulidwa m'mapoto akuluakulu. Koma chapambali, patsinde pa mtengo, pamakhala munthu wina ali ndi kope, bolopeni ndi mbale yovundikira. Wobwera kudzapepesa amanjuta pamenepo, n'kutchula dzina lake, n'kusiya kangachepe. Ntchito imeneyi akulu sangompatsa aliyense, ndipo amene ampatsayo amayamba amukhazika pansi.

Amamuuza kuti ndalama za maliro munthu sawerenga yekha, sagona nazo yekha. Pambali pake pakhale wina wakubanja ndi wina wakumpingo kapena wa kwa amfumu. Alembe chilichonse: envelopu yonenepa yochokera kuntchito kwa malemu, K200 ya agogo imene yatuluka pamfundo ya chitenje, lichero la ufa, nkhuku, mtolo wa nkhuni. Zimene zatuluka nazonso zilembedwe, ya bokosi, ya ndiwo, ya mafuta a galimoto yonyamula thupi. Ndipo thupi lisananyamuke kupita kumanda, chiwerengero chonse chinenedwe khamu likumva.

Apa ndi pamene ena amakhumudwa. “Mukundiyesa wakuba? Ine mkulu wa mpingo wathunthu?” Ndikamva mawu amenewa mtima umandiwawa, chifukwa amatuluka ngakhale m'kamwa mwa anthu amene sanabepo n'kamodzi komwe. Iwo amaganiza kuti Chikhristu chawo chikhale mboni yokwanira. Koma mtumwi Paulo sanaganize choncho. M'chaputala 8 cha 2 Akorinto timamva za chopereka chimene mipingo ya ku Makedoniya ndi ya ku Akaya inkasonkha chothandizira okhulupirira osauka a ku Yerusalemu. Paulo sanafune kuchiyendetsa yekha. Anatuma Tito pamodzi ndi abale ena awiri, mmodzi wa iwo wochita kusankhidwa ndi mipingo, n'cholinga choti pasapezeke womuloza chala. Ngati mtumwi anafuna mboni pa ndalama za anthu, ife ndani kuti tizikana? Munthu wokhulupirika ndiye ayenera kukhala woyamba kuitana mnzake kuti, “Bwerani tiwerengere limodzi.” Potero wadziteteza yekha, watetezanso ofedwa ku manong'onong'o amene amapasula mabanja maliro akatha.

Ndipo tisanamizane, mayesero sabwera ndi dzina la kuba. Amabwera ngati ngongole. “Nditengepo pang'ono, mwezi ukatha ndibweza.” Kapena, “Ndakhala pano masiku onsewa, ya sopo yokha n'kulakwa?” Masiku ano zafika povuta kwambiri, chifukwa chipepeso chochuluka sichigweranso m'mbale. Abale a ku Johannesburg amatumiza pa Mukuru, a ku Lilongwe ndi ku Blantyre pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo zonse zimalowa m'foni ya munthu mmodzi, n'kusakanikirana ndi zake. Palibe amene akuona. Akagula mayunitsi, wagula ndi za ndani? Langizo lakale lija liyenera kutsatira ndalamazo mpaka m'fonimo: uthenga uliwonse wolowa aonetse mnzake wowerenga naye, dzina ndi chiwerengero zilowe m'kope, ndipo pagulu la WhatsApp la banja aliyense aone kuti yake inafika.

Yudasi nayenso anali wogwira thumba. Yohane, m'chaputala 12, akuti ankatapamo. Chochititsa mantha n'chakuti tsiku limene Mariya anadzoza Yesu mafuta a mtengo wapatali ku Betaniya, amene analankhula mokomera osauka anali Yudasi yemweyo. Pakamwa panali utumiki, dzanja lili m'thumba. N'chifukwa chake alangizi abwino sayang'ana kuti munthu amalankhula bwanji pamsonkhano. Amayang'ana ngati anabweza chenji atamutuma kukagula mchere.

Wogwira kope asaiwalenso kuti akutumikira ndani. Amene amalamula mokweza pamaliro kawirikawiri ndi amalume ndi achimwene a malemu, pamene namfedwa ali m'nyumba, wafunda nsalu, mawu atha ndi kulira. Koma mawa anthu akabalalika, iyeyo ndi ana ndi amene atsale ndi nkhokwe yopanda kanthu. Akale anati kupatsa n'kuika, ndipo anthu amene anasiya ndalama m'mbale muja anaikiza kwa ofedwa, osati kwa wachibale wamawu amphamvu. M'chaka cha 2011 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo lokhudza chuma cha masiye, limene limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Koma kulandako nthawi zambiri kumayambira patsiku la maliro lomwelo, pamene wina abwera mwakachetechete n'kunena kuti, “Zotsalazo mundipatse ine, ndizisunga.”

Pamenepo Mkhristu ayankhe mwaulemu koma mosagwedezeka: “Pepani amalume, izi tipereka pamaso pa anthu.” Adikire mpaka banja litakhala pansi pamodzi ndi amfumu ndi akulu a mpingo, awerenge zolowa ndi zotuluka mzere ndi mzere, ndipo zotsalazo, pamodzi ndi kopelo, aziike m'manja mwa namfedwa.