Kanyumba ka Zidole Nkayani?

Ena mwa inu adzaseka poona munthu wa imvi alikulemba za kanyumba ka zidole m'buku limene mufunamo masiku a mwezi ndi nyengo za mvula. Sekani, palibe mlandu. A m'nyumba mwanga anayamba kale kundiseka. Koma kanthu kameneka kanandisiyira funso lolemera, ndipo ndifuna kuti tiliganizire pamodzi. Funsolo ndi ili: munthu akaninkha mwana mphatso, namletsa kuigwira monga afuna mwini, kodi wampatsa, kapena wangomuonetsa?

Mwana wanga wamkazi agwira nchito ku Lusaka, ndipo kabuthu kace ka zaka 6 kakhala ndi ife kuno kumudzi, pafupi ndi Sinda. Caka catha, cimanga citayamba kuuma m'munda, anatumiza bokosi pa basi. M'bokosimo munali timatabwa topyapyala tambirimbiri, todulidwa kale ndi makina: zipupa, denga, zitseko, mazenera, makwerero, timipando ndi kabedi, pamodzi ndi botolo la guluu ndi pepala la zithunzi losonyeza malumikizidwe ace. Pa foni anati, "Atate, mummangire mwanayo. Ine sindibwera kufikira Khrisimasi. Aziti akaona kanyumbako, azikumbukira kuti amace alipo."

Ndifotokoze pang'ono, pakuti ambiri a ife sitinaonepo cinthu cotere. Tinyumba timeneti amatipanga mwa muyeso, ndipo muyeso wofala kopambana ndi wakuti inchi 1 ya kanyumba iimira mainchi 12 a nyumba yeniyeni. Cotero citseko ca mamita 2 cisanduka ca masentimita 17. Cimene ndinacedwa kucizindikira ndi ici, kuti pocepetsa nyumba kulakwa sikucepa ai. Ukaphonya ndi mamilimita 2 pa kanyumba, uli ngati mmisiri amene waphonya ndi inchi yathunthu pa mphuthu ya nyumba yaikulu, ndipo citseko sicitsekeka.

Ine sindine mmisiri wa matabwa. Koma ndinakulira ku Vubwi, masiku aja dera limenelo likali pansi pa boma la Chadiza (linakhala boma palokha mu 2012, caka cimodzimodzi ndi Sinda), ndipo kumeneko ndinadula nsanamira, ndinamanga mbalo ndi luzi, ndinaphoma zipupa, ndinafolera denga. Ndinati mumtima mwanga, Munthu amene anamanga nyumba yogonamo anthu, kodi angafunse nzeru kwa pepala pomanga nyumba yogonamo cidole? Pepala lija ndinalipinda, ndinaliika pansi pa mbale. Madzulo amodzi ndinapaka guluu zipupa zonse, ndinaziimika, ndinakagona wokondwa. M'mawa mwace ndinapeza kuti cipupa ca kumanja ndaciika kumanzere. Zenera linalikuyang'ana m'makwerero, ndipo mano a denga sanakumane ndi tiziboo tace. Tsono guluu woyera wa matabwa sapembedzeka; akalowa m'thabwa nauma usiku wonse, agwira kolimba koposa thabwa lenilenilo. Pokoka ndi mphamvu ndinang'amba cipupa.

Ndinakwera minibasi kunka ku Katete, kumene amisiri apala zitseko ndi mipando m'mbali mwa mseu waukulu. Ndinapeza mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Anatembenuza cipupa cija kawiri, osaseka konse, nati, "Abusa, musanapake guluu muziyamba mwaimika nyumba yonse youma, muimange ndi legeni, muone ngati ciliconse cakhala pamalo pace. Guluu ndiye wotsiriza." Anandiuza kuti thabwa lopyapyala likapakidwa utoto mbali imodzi yokha lipindika cifukwa ca cinyezi, cifukwa cace ndizipaka mbali zonse ziwiri, ndipo likauma ndilitsindike ndi mabuku. Anati za m'kati ndizipake utoto ndisanatseke denga, pakuti pambuyo pace dzanja silidzalowa. Ngodya ndiziyesa ndi ngodya ya buku ngati ndilibe sikweya. Ndipo ndikalumikiza ndizileka tsiku lathunthu osagwedeza. Pamenepo anandidulira kathabwa kocirikiza cipupa cong'ambikaco, nandipatsa m'manja kuti ndimate ndekha, iye alikupenya.

Akulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Ndinadekha, ndinaturutsa pepala pansi pa mbale, ndipo nchito inayamba kuyenda bwino.

Pano mpamene pali nkhani yanga yeniyeni. Kulakwa koyambako kunali kwa umbuli, ndipo kunacira ndi ulendo umodzi wa ku Katete. Kwaciwiri kunabadwa m'luso limene ndinalipeza, ndipo sindinakuone pofika. Mdzukulu wanga anali kudza kudzaima pambali pa thebulo. "Agogo, ndipakeko utoto." Ine ndinati, "Iai mama, udzaononga." "Agogo, ndigwireko kampando." "Usakhudze, guluu sanaume." Masabata 3 anatha ndi mau omwewo. Kanyumba katatha, kokongola ndithu, ka denga lofiira ndi makatani a nsalu ya citenje, ndinakakweza pamwamba pa kabati pamene manja a ana safika. Alendo onse ndinawaonetsa. Mwanayo ndinkamtsitsira tsiku la Sabata masana, ine ndili pomwepo monga mlonda.

Usiku wina amace anaimba foni, namfunsa ngati alikukondwa nayo nyumba yace. Ndinamva mwanayo alikuyankha mwaulemu, wopanda mangawa mumtima, kuti, "Nyumba ya agogo ili bwino." Akazi anga anandiyang'ana, nati, "Abambo, mwana wathu anatumiza cosewerera ca mwana mmodzi, koma ndiona kuti cinalandiridwa ndi mwana wina wa imvi."

Pambuyo pace ndinawerenga mbiri ya tinyumba timeneti, ndipo ndinapeza kuti ndili ndi abale ambiri m'kulakwa kumeneku, ena a iwo mafumu. Kamodzi ka tinyumba takale kopambana todziwika ku Ulaya ndi kamene anapangitsa Albrecht V, wolamulira dziko la Bavaria ku Germany, m'zaka za 1557 ndi 1558. Olemba mbiri amati anakapangitsira mwana wace wamkazi. Koma amisiri atakatsiriza, kanakongola kotero kuti anakaika m'nyumba yosungiramo cuma cace ca mtengo wapatali ku Munich. Kanapsya ndi moto mu 1674. Ku England kuli kanyumba ka Mfumukazi Mary, kamene kanatha kumangidwa mu 1924 mwa nzeru za mmisiri wochuka Edwin Lutyens. Kali ndi magetsi ndi mipope ya madzi, ndipo anthu akaona ku Windsor ataima kunja kwa galasi. Kameneko sindikatsutsa, pakuti sikanamangidwire mwana, ndipo palibe ananyengedwa. Amene ndimmvera manyazi ndi Albrecht, cifukwa ndidziwa bwino cimene cinacitika mumtima mwace tsiku lija. Kunalinso mai wina wa ku Nuremberg, Anna Köferlin, amene mu 1631 anaonetsa anthu kanyumba kace kuti ana aphunzire makonzedwe a panyumba. Cifuniro cace cinali cabwino. Komabe ana aja anaphunzira ndi maso okha.

Makolo athu Acewa anali ndi njira yina, ndipo inu nonse muidziwa. Pa masika, akulu atatha kukolola, ana tinkapita kumbali kwa mudzi kukamanga masanje. Mapesi anali nsanamira zathu, udzu ndi masamba anali denga. Atsikana ankakunkha cimanga cotsalira m'minda, nasinja, naphika m'timiphika. Wamng'ono wosatha kusinja ankabereka citsononkho kumsana, nacitonthoza ngati khanda. Anyamata tinkakumba mbewa. Wina anali mfumu, wina mwamuna wa panyumba, ndi wina fisi wakuba ndiwo, amene tinkamthamangitsa ndi mapesi. Timisasa tija tinali topendama, ndipo kabvumvulu akadza tinkagwa. Palibe mkulu anabwera ndi cingwe kudzatiyesera. Tinkamanganso, ndipo nthawi yaciwiri tinkazika mapesi mozama. Amai ankadza madzulo kudzalawa nsima yosapsya, naseka, nanena mau amodzi kapena awiri, nabwerera kumudzi. Sindinena kuti zonse za ku masanje zinali zoyera. Aphunzitsi athu anali nazo zifukwa zao zodandaulira ana ocedwa kutali ndi maso a akulu. Koma mfundo yoyamba imene ndinamanga pa mbalo ya nyumba yeniyeni ndinaiphunzira kumeneko, pa nyumba imene inali yangayanga, imene ndinali ndi ufulu wa kuigwetsa.

Wina adzati, "Koma abusa, mapesi sagulidwa. Bokosi lija linadya ndalama za thukuta la mwana wanu. Kodi si bwino kuti mwana aphunzire kusamala zinthu?" Mau awa ali ndi nzeru, ndipo sindiwataya. Mudzi umene ana ace aononga ciliconse cimene agwira sudzaima. Ndibvomeranso kuti nchito iyenera kucitidwa bwino, ngakhale ikhale yaing'ono; ngodya yokhota si ulemu kwa munthu aliyense. Ndiponso zilipo zinthu zimene mkulu ayenera kukaniza: mpeni wakuthwa sindingaupereke kwa mwana wa zaka 6, ngakhale alire.

Koma tifunse, kusamala aphunzira bwanji? Mtsikana amene sanaswepo kamphika kace sadziwa kumene dongo lifookera. Cinthu ca pamwamba pa kabati ciphunzitsa mwana kuopa agogo. Za kusamala siciphunzitsa kanthu, pakuti munthu asamala cimene cili cace, cimene cikasweka adzalira ndi iye mwini. Ine ndemwe ndine mboni. Ndinadziwa mphamvu ya guluu pong'amba cipupa. Mnyamata wa ku Katete akadatha kundilanda bokosi, namanga kanyumba konse dzuwa lisanapendeke, ndipo kakadakongola koposa kanga. Koma anabweza thabwa m'manja mwanga. Cifundo cimene ndinalandira kwa mlendo ndinacimana mdzukulu wanga patangopita masiku awiri.

Ndipo ndinadzifunsa cina cimene cinandiwawa koposa. Pamene ndinkati "usakhudze", ndinalikuopa ciani? Ndikadakonda kunena kuti ndinaopa misozi ya mwanayo kanyumba kakathyoka. Si zoona. Ndinaopa kuti alendo adzaona denga lothimbirira, nadzati ndi nchito yanga. Timati kupatsa nkuika, kutanthauza kuti wopatsa mnzace sataya kanthu, adzacipeza mtsogolo. Koma alipo maikidwe ena oipa, pamene munthu apereka ndi dzanja lamanja, lamanzere likali cigwirire. Mwaonapo bambo amene agawira mwana wace munda, koma m'mawa uliwonse adza kudzapasula mizere yace. Mwaonapo malume amene amangira mphwace nyumba ya malata, nasunga kiyi wa cipinda cimodzi. Onsewa adzakuuzani kuti acita cifukwa ca cikondi, ndipo cikondico cilipodi, monga cinalipo mwa ine. Koma olandirawo adziwa bwino dzina la mwini. Adzati munda wa atate, nyumba ya amalume, monga mwana uja anati nyumba ya agogo.

M'mawa mwace ndinatsitsa kanyumba, ndinakaika pa mphasa pakhonde, ndinati, "Mama, iyi ndi nyumba yako. Amako ndiwo anakutumizira." Sananene kanthu. Anathamanga kukaitana anzace awiri amene anali kuseri kwa nkhokwe, kumene, ine osadziwa, anali atamanga kale timisasa tao ta mapesi.

Sindidzakunamizani kuti zinandikomera zonse. Sabata lisanathe kampando kamodzi kanasowa. Mbaula ya m'khichini anaiturutsa, nati palibe munthu aphikira m'nyumba yogonamo. Anaika timiyala titatu pabwalo, ndi kamphika ka dongo pamwamba pace. M'cipinda capamwamba, cimene ndinacipaka utoto kawiri, munalowa ng'ombe zadothi, pakuti anati kunja kuli afisi. Pa cipupa ca kumanja pali cidindo ca cala ca matope, ndipo ndikadutsa pakhonde dzanja langa limafunabe kutenga nsanza. Amace atabwera pa Khrisimasi anapeza kanyumba kooneka ngati ka zaka 10, ndipo mwanayo anawagwira dzanja, nawaonetsa cipinda cimene anawasungira, cokhala ndi kamphasa ka mlaza.

Mwezi wathawu citseko cinathyoka. Ndinabweretsa botolo la guluu, ndinalipereka kwa mwini nyumba. Anapaka wambiri, nayenderera mpaka pansi, ndipo citsekoco anaciika copendama pang'ono. Ndinatambasula cala kuti ndiciongole. Iye anandigwira pamkono, nati, "Agogo, musakhudze, guluu sanaume."